Tsiku Limene Apongozi Anabwera Kudzatentha Zithunzi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a mumpingo mwathu kuno ku Rufunsa, ndi ena onse amene mawuwa akufikeni. Ambiri mumandidziwa monga aphunzitsi a zojambula. Ena mumangondidziwa monga bambo uja amene anasiya kuimba m'kwaya. Abusa anandipempha kuti ndiime kutsogolo ndipereke umboni, koma ndikudziwa kuti mawu angandithere pakati, choncho ndasankha kulemba.

Chaka chatha ndinataya izi. Mkazi wanga, Esinati. Mwana amene anali m'mimba mwake, yemwe sitinamupatse dzina. Mbale, mapoto, makatani ndi makina osokera, zomwe abale ake anatenga monga mwa mwambo. Zithunzi zake zonse zimene ndinajambula ndi dzanja langa. Mbiri yanga yabwino m'mudzi wa kwawo. Ndipo kwa miyezi yambiri, mwana wathu Nelia, wa zaka zinayi.

Zinazo sizibwerera, ndipo sindikuzidikira. Umboni wanga ndi wa chomalizacho.

Ine kwathu ndi ku Katete. Nditamaliza koleji ya uphunzitsi, ananditumiza kuno kudzaphunzitsa luso la zojambula, phunziro lomwe ana amangolitcha Art. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi phunziro la ana othawa masamu. Si choncho. Mwana amene walisankha amakhala nalo mpaka giredi 12, ndipo pofika kumapeto amayenera kudziwa kuyeza ndi diso, kuona pamene kuwala kwagwera ndi pamene pada, komanso kujambula munthu wamoyo atakhala patsogolo pake. Botolo, dzungu ndi dengu sizivuta kupeza. Munthu ndiye amavuta. Ana akhoza kujambulana okhaokha, koma amangoseka, ndipo amene wakhala pampandoyo tsikulo saphunzira kanthu. Pamafunika munthu wamkulu wodekha. Kuno palibe amene amafuna kukhala pampando ola lathunthu, ana akumuyang'anitsitsa ndi kumuika papepala. Ena amachita manyazi, ena amaopa. Mlonda wa pasukulu anandiyankha mosabisa: “Ba Phiri, nkhope yanga ikapita ku Lusaka ine ndili kuno, adzandibwezera ndani?”

Esinati ndinakumana naye kwawo ku Chinyunyu, komwe ankasoka zovala m'mbali mwa msewu waukulu. Ndinapita kukasoketsa batani. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa kuti, ngati ndimaphunzitsa ana kuona, bwanji sindikuona kuti thalauzi langa ndi lalifupi. Umo ndi mmene analili. Ine ndine munthu wa mawu ochepa, ndipo iye ankalankhula zokwanira tonse awiri.

Nditamudandaulira kuti ana a giredi 12 alibe womujambula, sanazengereze. Anati kukhala pansi ndiyo ntchito yake tsiku lililonse, kusiyana kwake n'kwakuti kusukulu sadzapalasa makina. Anayamba kubwera Lachiwiri m'mawa, akasiya Nelia kwa mnansi wathu.

Ndifotokoze mmene timachitira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Timaika mpando wopanda choyedzamira pakati pa chipinda, ndipo madesiki amazungulira mpandowo. Mwana aliyense amajambula chimene chili patsogolo pake. Ena imawagwera nkhope, ena khutu ndi tsaya, ena phewa, ndipo ena amakhala kumbuyo kwenikweni. Akumbuyowo amadandaula nthawi zonse kuti iwo apatsidwa nkhongo chabe. Ndimawayankha chimodzimodzi chaka chilichonse: jambulani chimene mukuona, osati chimene mukudziwa. Ngati khutu lapindika, lipindike. Ngati kolala yakhota, ikhote. Ntchito zimenezi timazisunga m'mafoda, chifukwa zimawerengedwa pa mayeso omaliza, ndipo zina zikatengedwa ndi oyesa sizibweranso.

Pa nthawiyo Esinati anali ndi pakati, ndipo mimba inali itayamba kuoneka. Kwa abale ake, mayi woyembekezera saonetsedwa pagulu ndipo nkhani yake sikambidwa. Iye ankadziwa zimenezo, koma anangoseka n'kunena kuti kumsika amamuonanso anthu ambiri kuposa a m'kalasi mwanga.

Loweruka lina, atatsala pang'ono kubwera komaliza, anapita kwa amayi ake kukalukitsa tsitsi. Anali wosoka waluso, wodziwa masaluni a ku Lusaka, koma tsitsi lake sankalola munthu wina kuligwira. Amayi ake ndiwo ankamuluka mizere ija timaitcha mukule, kuyambira ali kamwana. Chala chawo cholozera cha kumanja chinauma kalekale, sichipinda, choncho akafika kuseri kwa khutu lamanzere mzere umodzi umakhota pang'ono usanatsike kunkhongo. Mtsikana wina dzina lake Rute, amene Lachiwiri lotsatira anakhala kumbuyo kwake m'kalasi, anajambula mzere wokhotawo monga momwe unalili. Esinati atauona anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti amayi ake asadzauone, angachite manyazi.

Pasanapite nthawi mapazi anayamba kumutupa ndipo mutu unkamupweteka. Tinapita kukiliniki, anatipatsa mankhwala, tinkatsatira. M'mawa wina anagwa pakhomo akusesa. Tinathamangira naye kuchipatala ku Mpanshya, ndipo anthu a kumeneko anachita zonse zimene akanatha. Anandiuza kuti kunali kuthamanga kwa magazi kumene kumagwira amayi oyembekezera. Pamene ankamukankha pa bedi la matayala kulowa naye m'kati, anandigwira dzanja n'kundiuza mawu ochepa. Ndinawamva ngati nkhani wamba ya pakhomo, ndipo ndinangoyankha kuti chabwino. Sanatulukemo.

Maliro anachitikira ku Chinyunyu. Titaika, abale anakhala pansi kukamba za katundu, za mwana, ndi za kundimasula ine monga mwamuna wa malemu. Wotsogolera anali ba Shadreki, malume ake a Esinati, mlongo wa amayi ake. Ndikufuna mumve bwino: ba Shadreki si munthu woipa. Ndiwo analera Esinati bambo ake atamwalira, ndipo pamanda analira kuposa ine, chifukwa ine misozi inakana kutuluka. Mwina ngakhale zimenezo anaziona.

Anati, “Aphunzitsi, munatenga mwana wathu ali ndi pakati, munamuika pakati pa maso ambirimbiri, aliyense akuchotsako kake n'kuika papepala. Manje mukudabwa kuti watha?”

Anagamula kuti zithunzi zonse za Esinati zibwere zitenthedwe, kuti malemu agone bwino. Zisanatenthedwe, ine sindimasulidwa ndipo Nelia sachoka pamudzipo. Kwa Asoli, mtundu wa Esinati, monganso kwathu kwa Achewa, mwana ndi wa kuchikazi, choncho ndinalibe poyambira kutsutsa. Zimene ndinajambula ndekha ndinakazitenga kunyumba, ndinazipereka ndi manja anga, ndipo ndinaimirira mpaka moto unazima. Ndinaganiza kuti zakwana. Ba Shadreki anati zatsala za ana a sukulu.

Ndinapita kwa a hedi athu, mkulu wa sukulu, mayi wachifundo koma wosagwedezeka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, “Ba Phiri, mafoda aja si anu, si anganso. Ndi a ana. Mukawatentha, mwatentha giredi 12 yawo.” Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ena mwa ana amenewo amachokera kumidzi yakutali, amapalasa njinga mtunda wautali, ndipo phunziro ili ndi limene ankadalira kuti liwakweze. Ndinabwerera kwa ba Shadreki kukapempha kuti adikire mayeso athe. Atamva kuti zina zimapita kutali osabwerera, anakana kwambiri kuposa poyamba.

Anzanga a kuntchito anandilangiza kupita kukhoti. Anati lamulo lili kumbali yanga, ndipo mwina linalidi. Koma ndinaona kuti ndikanatenga mwana ndi pepala la khoti, ndikanamudula kwa anthu onse amene amadziwa mmene amayi ake ankasekera. Akanakhala ndi ine ndekha, munthu wosalankhula, m'nyumba yopanda makatani. Ndinasiya.

Anandilola kumamuona Loweruka. Ndinkakwera minibasi, n'kukakhala pakampando pabwalo la ba Shadreki, iwo ali chapafupi akukonza khasu kapena njinga. Nelia anali atametedwa mpala pamaliro monga tonse. Masabata oyamba ankathamanga kudzandikumbatira n'kufunsa kuti tipita liti kunyumba. Ndinkamuuza kuti posachedwa. Tsitsi lake linayamba kumera, linatalika, linayamba kupotana lopanda wolipesa bwino, chifukwa agogo ake anali atasiyiratu kuluka munthu aliyense. Kenako Loweruka lina sanafunse. Anandipatsa moni atagwada ngati kwa mlendo, n'kubwerera kukasewera. Pa zonse zimene zinandichitikira, tsiku limenelo ndi limene ndinafika pansi.

Kusukulu zinthu zinaima. Mbiri inafalikira kuti amene akhala pampando uja amafa. Ana anakana kukhalapo, ndipo makolo ena anauza ana awo kuti asiye phunzirolo. Ine ndinkalowa m'kalasi, ndinkaika botolo patebulo, ndinkakhala pawindo. Pensulo sindinkaigwira. Kiyi ya kabati ya mafoda inali m'thumba mwanga tsiku lililonse, ndipo ndinkaimva kulemera kwake. Kawiri kapena katatu ndinatsegula kabatiyo nditatsala ndekha masana, ndinayang'ana mayina a ana pa mafoda, ndinatsekanso.

Abale, musaganize kuti ndinali munthu wa mapemphero amphamvu. Ndinkabwera kutchalitchi, ndinkakhala kumbuyo, ndinkatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Ndikagwada, mawu onse amene ndinaphunzira kuyambira ubwana ankathawa. Pemphero langa linatsala mawu awiri: Ambuye, Nelia. Sindinkawauza Ambuye chochita, chifukwa ine sindinkaona njira iliyonse. Kupereka zithunzi kunali kulakwira ana a eni. Kuzisunga kunali kutaya wanga.

Nyengo ya fumbi itafika, Nelia anadwala malungo. Ba Shadreki anati amayi ake akumukoka chifukwa sanagone. Anaona kuti sukulu ikhoza kukaniza mwamuna, koma singakanize mayi wofedwa, choncho anatuma mlongo wawo, apongozi anga.

Anafika Lachiwiri m'mawa, nthawi ya phunziro langa. Ananyamula thumba lopanda kanthu la ufa, ndipo machesi anawamanga pakona ya chitenje. A hedi anawalandira mu ofesi, anawapepesa, anawafotokozera kuti sangapereke. Apongozi sanakangane. Anatuluka, anafunsa mwana wina komwe kuli chipinda cha zojambula, anafika n'kukhala pansi pakhomo penipeni, miyendo atatambasula. Anati sachoka popanda zimene awatuma.

Muyenera kudziwa kuti pa zaka zonse za ukwati wathu, ine ndinali ndisanawayang'anepo apongozi kumaso. Ndi ulemu wathu. Tikakumana panjira ndinkapatuka, tikamalankhula ndinkayang'ana pansi kapena kumbali. Ndinkadziwa mawu awo, mapazi awo ndi zitenje zawo. Tsikulo ndinaima pawindo, maso ali pa simenti, kiyi ili m'manja, ndipo mumtima ndinali nditagonja. Ndinati, Ambuye, ndatopa, chichitike chimene chichitike.

A hedi ndiwo anati, “Amayi, kupereka sitingathe, koma kuona mukhoza. Ndi mwana wanu.” Apongozi anati sangatenthe chinthu chimene sanachione, choncho zitulutsidwe.

Ndinatsegula kabati. Mwana aliyense anatenga foda yake, anatulutsa chithunzi cha tsiku lomaliza lija n'kuchiika pa desiki yake. Madesiki anali akadali mozungulira, chifukwa palibe amene analimba mtima kuwasuntha, ndipo mpando unali pakati pomwepo. Ana anaima kukhoma. Apongozi anadzuka n'kuyamba kuyenda kuchokera kutsogolo.

Pa choyamba anaima pang'ono n'kunena kuti, “Uyu si iye. Mphuno iyi mwaitenga kwa ndani?” Mnyamata amene anajambula anabisa nkhope, ndipo wina anatsala pang'ono kuseka. Pa chachiwiri anati maso afanana koma pakamwa ayi, Esinati sankatseka pakamwa chonchi. Anapitirira, desiki ndi desiki. Nkhope inayamba kutembenuka, linaoneka tsaya, linaoneka khutu, kenako phewa. Mawu awo anayamba kuchepa. Anali ngati munthu amene akuzungulira mwana wake atakhala pansi.

Atafika pa desiki ya Rute anaima. Pa pepalalo panalibe nkhope. Panali khosi, kolala ya diresi, ndi mizere ya tsitsi ikutsika kunkhongo, umodzi utakhota kuseri kwa khutu lamanzere. Ndinaona dzanja lawo likutsika. Anaika chala chouma chija pa mzere wokhotawo, n'kuutsatira pang'onopang'ono mpaka pansi. Analankhula kanthu m'Chisoli motsitsa, ndipo sindinamve zonse. Kenako ananena m'Chinyanja, osayang'ana munthu:

“Apa ndine. Ndi chala changa ichi.”

Anapitiriza kunena kuti nkhope ya Esinati aliyense ankaidziwa, ngakhale a minibasi ankaidziwa. Koma malo awa, kuyambira ali kamwana atakhala pakati pa miyendo yawo, ankawaona ndi iwo okha. Anati pamaliro anamuona kumaso monga anthu onse, ndipo sanaganize kuti adzaonanso nkhongo ya mwana wawo pa dziko lino. Anafunsa amene anajambula. Rute anakweza dzanja.

“Iwe unamuyang'ana bwino mwana wanga,” anatero. “Mlongo wanga akuti munamuchotsa pang'onopang'ono. Ine ndikuona kuti iwe wandisungira.”

Sanalire mokuwa. Anapukuta maso ndi chitenje, n'kutembenukira kumpando uja. Anafunsa ngati Esinati ankakhala pamenepo. A hedi anavomera. Apongozi anaika thumba la ufa pansi, anakonza duku, anakhala pampandopo n'kuika manja pamaondo.

“Jambulani,” anatero. “Ngati pepala limapha, liyambe ndi ine, mlongo wanga akaone.”

Ana anayang'ana kwa ine. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Mmodzimmodzi anabwerera kumadesiki awo, ndipo phokoso la mapensulo, lomwe ndinali ndisanalimve kwa miyezi, linayambiranso. Patapita kanthawi apongozi anafunsa, osatembenuza khosi, “Nanga aphunzitsi, iwo sajambula?”

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti, “Amayi, kujambula kumafuna kuyang'ana.”

“Yang'anani, atate a Nelia. Lero ndalola.”

Ndinatenga pepala, ndinakhala pa desiki yopanda munthu kutsogolo kwawo, ndinakweza maso. Abale, kumeneko ndi kumene Mulungu anandidikirira. Ndinaona chibwano cha Esinati. Ndinaona makutu ake aang'ono, ndi kamzere kamene kankabwera pakati pa nsidze zake akamalowetsa ulusi mu singano. Ndinaona mmene akanadzaonekera akanakalamba pafupi nane. Ndinayamba kujambula mizere yoyamba. Misozi imene inakana pamanda inabwera pamenepo, pamaso pa ana a sukulu. Ndinapitiriza kujambula. Apongozi anakhala ola lonse osasuntha, kupatula kamodzi pamene anadzudzula mnyamata wa mphuno uja kuti iwo asawapatsenso mphuno ya munthu wina.

Pochoka anatenga chithunzi chimodzi chokha, chawo chimene ndinajambula ine. Anachikulunga bwino n'kuchiika m'thumba la ufa lija. Machesi anabwerera nawo osagwira ntchito.

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake. Anakafika kwa ba Shadreki, anatambasula pepalalo pamaso pawo n'kunena kuti, zithunzi sindinatenthe, m'malo mwake ndajambulidwa ine, ndi ana onse a m'kalasi ndi aphunzitsi awo omwe, tiyeni tidikire. Ba Shadreki anakwiya ndipo anachita mantha, chifukwa mlongo wawo amamukonda. Koma kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse apongozi akamapita kumunda ankadzera pakhomo pa ba Shadreki, khasu paphewa, n'kuima n'kunena kuti, “Mwauka bwanji? Ine ndikadalipo.” Anachita zimenezo sabata ndi sabata. Anthu a m'mudzi anayamba kuseka, ndipo ana aang'ono akawaona ankawatsogolera kunena mawuwo. Nelia anachira ndi mankhwala a kukiliniki. Lachiwiri lina apongozi anabweranso kusukulu kudzakhala pampando, ndipo ulendo wotsatira anabwera ndi mnzawo wa ku chigwirizano cha amayi, amene anafuna kuti nayenso aone mmene amaonekera kumbuyo. Ana amene anasiya phunziro anabwerera.

Mvula yoyamba itagwa, ba Shadreki anandiitanitsa. Ndinapita ndisakudziwa chimene ndikapeze. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti apepese. Anakamba nthawi yaitali za mvula ndi mbewu, kenako anati mwana wafika pa msinkhu woyamba sukulu ya mkaka, ndipo atate ake amakhala pafupi ndi sukulu, choncho palibe chifukwa choti azikhala kutali. Abale anachita mwambo wondimasula tsiku lomwelo. Pomaliza ba Shadreki anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene moni amafunira. Ndinamva zimene sananene.

Mu minibasi Nelia anakhala pamiyendo panga akuyang'ana pawindo mpaka titadutsa theka la njira. Kenako anafunsa ngati kapu yake yofiira ikadalipo. Ndinati ilipo. Inali chinthu chimodzi mwa zochepa zimene zinatsala m'nyumba. Anagona pachifuwa panga, ndipo ine ndinapuma mpweya umene ndinali nditausunga kuyambira ku Mpanshya.

Ana anga a giredi 12 analemba mayeso awo mafoda ali athunthu. Rute asanapereke yake, anajambulanso chithunzi chija pa pepala lina n'kupatsa apongozi, ndipo chili pakhoma m'nyumba mwawo. Alendo amadabwa kuona munthu akupachika chithunzi cha nkhongo. Iwo safotokoza. Mlonda wathu yekha ndiye akukanabe kukhala pampando mpaka lero, ndipo ndasiya kumuvutitsa.

Sindikulemba kuti ndinene kuti chisoni chatha. Mbali ya bedi imene Esinati ankagona ikadali yozizira, ndipo m'kwaya sindinabwererebe, ngakhale ndayamba kukhala mpaka nyimbo yomaliza. Ndikulemba kuti ndithokoze. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu awiri, ndipo sanandinyoze chifukwa cha kufupika kwake. Ine ndinkayembekezera kuti thandizo likadzabwera lidzachokera kwa abusa, kwa a hedi kapena ku lamulo. Linabwera ndi munthu amene anatumidwa ndi machesi. Ndikuthokoza a hedi amene anakana pamene ine ndinali nditafooka. Ndikuthokoza ana amene anajambula zimene anaona osakongoletsa. Ndikuthokoza inu amene munkandisiyira malo kumbuyo osandifunsa mafunso.

Kwa iwe amene uli pakati pa zinthu ziwiri, ndipo zonse zikuoneka kuti zikutayitsa, sindili ndi nzeru zambiri zokupatsa. Ndingoti usafulumire kuwononga cha wina kuti upulumutse chako, ndipo usaleke kupemphera chifukwa choti mawu akuthera. Nena amene atsalawo. Ndipo amene ukumuona ngati wabwera kudzakumaliza, usamutsekere chitseko, chifukwa sudziwa chimene Mulungu akufuna kumuonetsa akalowa.

Masiku ano, Loweruka lina lililonse, ine ndi Nelia timakwera minibasi kupita ku Chinyunyu. Tsitsi lake lakula. Agogo ake amayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, amamukhazika pakati pa miyendo yawo, ndipo amamuluka akumukalipira kuti asagwedeze mutu. Ine ndimakhala pataliko ndi ba Shadreki, timakamba za chimanga. Ulemu wathu unabwerera m'malo mwake, ndipo apongozi sindinawayang'anenso kumaso kuyambira tsiku lija. Akamaliza, Nelia amathamanga kudzandionetsa, amatembenuka kuti ndione kumbuyo. Kuseri kwa khutu lamanzere, mzere umodzi umakhala utakhota.

Mawu aja amene Esinati anandiuza pakhomo la chipinda cha chipatala sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Kwa miyezi yonse ija ankandipweteka, chifukwa ndinkafuna kuti akananena chinthu chachikulu, choti ndigwirepo. Lero ndikawakumbukira ndimamwetulira, pakuti iye ankatidziwa tonse, ine ndi amayi ake ndi mwana wake. Anandigwira dzanja n'kunena kuti:

“Tsitsi la Nelia musalimbane nalo nokha, mudzangomuliza. Muzipita naye kwa amayi.”